Anzanga asuta buku langa, tsopano akufuna galu wanga aphedwe

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndili ndi mkwiyo. Ndine mphunzitsi kuno ku Kasinje, ndipo ndikulemba buku la nthano yaitali. Osindikiza mabuku anandiuza kuti lifike kwa iwo mwezi uno usanathe, apo ayi aikapo la wina. Ndimakhala ndi agalu awiri, Sitima ndi Chipolopolo. Ndikamalemba amagona pamapazi panga, ndipo sanandisokonezepo.

Osokoneza ndi anthu. Masana alionse a Paison ndi a Fanizo amabwera pakhonde panga ndi bawo lawo. Mlendo sapirikitsidwa, ndiye ndimasiya cholembera n'kumamvera za mitengo ya mbatata ndi za amene abwera ku Joni.

Loweruka ndinapita kukapereka moni kumaliro, mapepala ndinasiya patebulo. Pobwera ndinapeza khonde lili utsi tolo. A Paison anali atatenga mutu wotsiriza wa buku langa, kuung'amba bwinobwino n'kupichira fodya, wina n'kugawira anzawo! Nditafunsa anandiyankha mosekerera: "Achimwene, musadandaule, oyerawo sindinakhudze. Ndangotenga olembalemba kale, otha ntchito."

Aphungu, mutu wanga sunagwire. Ndinakuwa kuti, "Sitima, gwira!" Ndipo anagwiradi, pakatumba.

A Paison tinakulira limodzi, ngakhale iwo kusukulu sanapite, ngoma tinkavina limodzi, koma lero abale awo akuti galu wolawa magazi a munthu sasungidwa, ndimupereke aphedwe. Za buku langa palibe akutchula. Chondiwawa n'chakuti mtima wina ukuti ndingomupereka kuti phokoso lithe, ndipeze mpata wolemba masiku asanandithere. Nditani? Kapena ndikawasumire a Paisonwo kwa bwana Disi?

C.B.K., Kasinje, Ntcheu.

A C.B.K.,

Pepani ndi mutu wa bukuwo. Ndikudziwa kuwawa kwake, ndipo a Paison analakwa kugwira zapatebulo la mwini osapempha. Ndathera pomwepo kukupepesani, chifukwa inenso mwandikwiyitsa.

Mwati ndinu mphunzitsi. Ndi liti munawakhazika pansi anzanuwo n'kuwauza chimene mumalemba? Kwa munthu amene sanapite kusukulu, pepala lodzaza ndi inki latha ntchito ngati chitsononkho. Iwo anakusungirani oyera poganiza kuti akukuchitirani ulemu. Inu kuwauza kuti "lero ndatanganidwa" munachita nako manyazi, koma kuwalumitsa galu manyazi munalibe. Ulemu wanji umenewo?

Za bwana Disi iwalani. Mukakafika kumeneko, wa bala ndi amene adzamvedwe, inu mudzabwerako mutalipa.

Mawa m'mawa pitani nawo a Paison kuchipatala akatsuke balalo, musadalire phulusa ndi masamba. Galuyo mum'mange masiku angapo kuti onse aone kuti alibe chiwewe. Kenaka tengani munthu wamkulu wa kwanu, mugwire nkhuku, mukagwade kwa abale awo. Mukanene mawu awa osawazunguliza: "Galu sanalakwe, ndinam'tuma ndine." Anthu akamva mwini wake akuvomera chotero, kawirikawiri mkwiyo umatsika, ndipo za kupha galu zimazirala. Mukatero muwafotokozere a Paison chimene anasuta. Mudzaona okha akugwira pakamwa.

Bukulo silinafe. Nkhani idakali m'mutu mwanu, ndipo mutu umodzi si munda wa maekala. Dzukani kusanatenthe, lembani musanapite kusukulu, mapepala muzitsekera m'bokosi. Osindikizawo alembereni lero lomwe, muwauze zoona, mupemphe masabata owonjezera pang'ono. Akhoza kukana, koma kupempha sikuba. Anzanuwo auzeni poyera kuti bawo liyambe lakhala kwa a Fanizo mpaka mwezi uthe. Adzang'ung'udza tsiku limodzi basi.

Koma chenjerani ndi mtima winawo, umene ukuti mupereke Sitima kuti mugule bata. Galuyo anamvera mbuye wake, monga munam'phunzitsira. Mukam'pereka, mudzamaliza buku lanu pa nthawi yake, inde, koma woluma weniweni adzatsala wamoyo m'nyumba mwanumo, atagwira cholembera.

Aphungu.