Ndiyatse Uvuni wa Mpingo Kapena Ndimvere Mwana Wanga?

Aphungu,

Pepani kuti ndikukutayitsani nthawi ndi nkhani ya njerwa pamene anzanga amakulemberani za maukwati ndi matenda. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, choncho mukapeza zolakwika mundikhululukire. Kalatayi ndailemba kawiri kuti iwerengeke bwino.

Ndine bambo wa zaka zopitirira makumi anayi. Kwathu ndi ku Rumphi koma ndimakhala ku Chinsapo, ndipo ntchito yanga ndi yowotcha njerwa. Nyumba zambiri zimene zikumangidwa ku Area 49 zili ndi njerwa zodutsa m'manja mwanga. Chaka chino mpingo wathu unagwirizana zomanga tchalitchi chatsopano. Kuyambira mu Julayi, Loweruka lililonse abambo akhala akuponda dothi ndi kuumba, amayi akusenza madzi kuchokera kudambo. Njerwa zinauma, tinazisanja, uvuni ndinaumata ndekha, nkhuni zinafika. Chatsala ndi moto basi, ndipo mumpingo monse wodziwa kusunga moto wa uvuni ndine.

Vuto lili pa mwana wanga woyamba, Mwiza, amene ali fomu fili. Kusukulu ali m'kalabu ya zachilengedwe. Mwezi watha anapambana pa mtsutso wokambirana ngati Malawi nayenso ali ndi mlandu pa kutentha kwa dziko lapansi. Iye anali kumbali yonena kuti mlandu tili nawo. Ndinanyadira kwambiri, osadziwa kuti mlanduwo ubwera pakhomo panga.

Tsiku limene nkhuni zinafika, Mwiza anandibweretsera chakudya ku uvuni. Anaima n'kumayang'ana zipikazo, kenako anati, "Adada, iyi ndi misuku ndi miwanga. Yachokera ku Dzalanyama iyi."

Che Asani, mnansi wanga amene anabweretsa nkhunizo pa lole yake, anamuyankha kuti, "Iwe mwana, kunjako munthu mmodzi ali ndi magalimoto atatu pakhomo, mafakitale awo sazima chaka chonse. Ndiye dziko lapsa ndi kauvuni ka bambo akoka?"

Mwiza anati, "Ankolo, kunjako ayamba kale kupanga magalimoto oyendera magetsi. Nanga ife tikuchitapo chiyani?"

"Ubwere nayo kuno ku Chinsapo galimoto yakoyo," anatero che Asani, "tidzaitchaja pa koloboyi."

Anthu onse anaseka. Aphungu, inenso ndinaseka, pang'ono chabe, koma mwanayo anandiona. Anatula mbale n'kumapita. Nditafika kunyumba anandiuza mosakweza mawu kuti, "Adada, mumaseka? Utsi umenewu ndi umene ukuthamangitsa mvula. Chimanga cha agogo chinauma ndi zomwezi. Mukayatsa uvuni umenewo, ine m'tchalitchi chimenecho sindidzapondamo."

Amayi anga anamwalira chaka cha chilala cha 1992. Munda wawo unauma, thupi linafooka, matenda anangomalizitsa. Chimene chikundisowetsa mtendere n'choti chaka chimenecho ndi chimene ine ndinawotcha mauvuni ambiri kuposa zaka zonse, chifukwa popanda mvula njerwa zinkauma bwino mpaka mu Febuluwale. Ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha ntchito. Tsopano ndikadzifunsa ngati utsi wanga unafika mpaka ku Rumphi, chakudya chimandikanika.

Pa wayilesi akuti chilala china chikhoza kubwera chaka chino. Che Asani akuti mayiko akuluakulu akakumana ku Japan mu Disembala kukambirana za kutentha kwa dzikoku, ndiye tidikire eni ake a mlanduwo alankhule. Mwiza akuti dziko lililonse liyankhe pa utsi wake, ngakhale ukhale wochepa. Ine sindikudziwa wolondola ndani. Mayi ake a Mwiza akuti ndi chibwana cha kusukulu, chidzatha chokha, koma mwanayo sakulankhula nane kupatula moni wa m'mawa.

Ndakhala ndikuzengereza, ndipo akulu a mpingo atopa nane. Anena kuti moto uyatsidwe Loweruka la pa 25 Okutobala. Mitambo yayamba kale kusonkhana. Chizimalupsa chikagwa chambiri uvuni usanapse, njerwa zonse zibwerera kukhala matope, ndipo sindidzatha kuyang'ana kumaso amayi amene anasenza madzi aja. Koma ndikayatsa, ndikhala ndamanga tchalitchi chimene mwana wanga sadzalowamo. Ntchito ina sindidziwa. Kulikonse kumene ndayang'ana sindikuona potulukira.

Chonde ndiyankheni lisanafike Loweruka limenelo.

K.M.G., Chinsapo, Lilongwe


Bambo K.M.G.,

Yatsani uvuniwo. Mitengoyo inadulidwa kale, ndipo mukaisiya siidzukanso. Njerwa zikasungunuka mpingo udzaumba zina chaka chamawa, lole n'kupitanso kunkhalango. Kuzengereza kwanu sikupulumutsa mtengo ndi umodzi womwe.

Za amayi anu, mverani bwino: simunawaphe. Chilala cha 1992 chinakuta mayiko onse a kuno kummwera kwa Africa, ndipo palibe katswiri amene angachiloze pa uvuni wa ku Chinsapo. Munagwira ntchito kuti banja lidye m'chaka chovuta. Mtolo umenewo tulani lero.

Pa mkangano wa che Asani ndi Mwiza, aliyense wagwira mbali yake. N'zoona kuti mpweya wambiri umene ukutenthetsa dziko umachokera m'mafakitale ndi m'magalimoto a mayiko olemera, ndipo wa ku Malawi ndi wochepetsetsa. Magalimoto a magetsiwo ngakhale kwawoko akadali owerengeka. Koma Dzalanyama sakudulidwa ndi anthu a ku Japan. Madzi amene mumamwa mu Lilongwe amayambira m'nkhalango imeneyo, ndipo ikatha, mtsinje udzaphwa ngakhale msonkhano wa mu Disembala utayenda bwino chotani. Pamenepo mwana wanu sakunama.

Komabe ndikuona kuti chimene chamupweteka kwambiri si utsi. Anasekedwa pagulu, ndipo bambo ake anaseka nawo. Yambani ndi chimenecho. Lisanafike Loweruka, khalani naye pansi awiriwiri, mumuuze kuti munalakwa kuseka. Mukatero mumuuzenso mosabisa kuti mawu ake a za agogo anakulasani mumtima. Ndi wamkulu, akhoza kumva zimenezo.

Kenako mupite kwa akulu a mpingo. Auzeni kuti uvuni uno muwotcha, koma wina uliwonse mudzawotchera bulugamu wogula kwa amene anadzala okha, wokhala ndi chitupa cha a zankhalango. Apempheni apatule malo pambali pa tchalitchi oti mudzalepo mitengo mvula ikakhazikika, ndipo mufunse Mwiza ngati kalabu yake ingatsogolere ntchitoyo. Mufufuzenso za njerwa zopanikiza ndi makina, zosakaniza dothi ndi simenti pang'ono, zimene sizifuna moto. Nkhuni zikusowa chaka ndi chaka, ndipo ntchito yanuyi siikhala mmene ilili mpaka kalekale.

Sindikulonjezani kuti mvula igwa bwino, kapena kuti mwanayo afewa msanga. Chenjezo langa ndi ili: musatume akulu a mpingo kuti akamudzudzule, ndipo musamuopseze ndi nkhani ya sukulu. Mukatero mudzapambana mkangano, mwana n'kumutaya. Mwina tsiku lotsegulira tchalitchi adzakhala kunyumba. Zikadzatero, musadzamukoke. Mudzapite mukapemphere, ndipo pobwerako mudzayambe ndinu kumupatsa moni.

Aphungu