Nkhokwe ya makoswe m'galimoto yanu

Madzimoyo, Lamulungu masana

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, ndipo mwendo wa amayi wayamba kuphwa.

Galimoto yanu inatiopsa. Lolemba nditailiza, ku injini kunamveka gwedegwede ngati timiyala m'chitini. Ndinaizimitsa msanga, poti munaisiya m'manja mwanga, ndipo Lachinayi inali yoti itengere amayi kuchipatala.

Lachiwiri ndinapita nayo pang'onopang'ono kwa a Zulu, amakanika a ku Kapata. Anagunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake kukhutu, n'kumamvetsera. Kenaka anatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya n'kuyamba kuseka.

"Kodi galimotoyi mumaigoneka kuti?" anandifunsa.

"M'shedi, pamodzi ndi matumba a nsawa."

"Ndiye makoswe anu amanga nkhokwe muno!"

Anatulutsa nsawa zodzaza chipewa chawo, ndipo phokoso linatheratu. Ndalama anakana, akuti nsawazo zawakwanira.

Amayi anafika kuchipatala pa nthawi yake. Tsopano galimoto imagona pansi pa mtengo wa mango. Pobwera mutitengereko fyuluta yatsopano, chifukwa iyi makoswe anaidya kumbali. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Tisiyenji