Botolo Lachiwiri

Mphwanga Gudumu,

Ndayamba ndi moni, ngakhale sindikudziwa ngati moni wanga akadali ndi malo m'nyumba mwako. Uli bwanji kumeneko pamodzi ndi mlamu, ndi mwana uja sindinamuonebe? Kuno tadzuka. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa pokha ndi pamoyo, tsiku silipita osapeza womukalipira. Mlamu wako ali bwino. Mwana wathu wamkulu wandipitirira msinkhu, moti nsapato zanga sindizipezanso pamene ndazisiya.

Achemwali ndiwo andipatsa keyala yako. Usawakwiyire, ndinachita kuwaumiriza. Andiuzanso kuti kampani ina yaikulu yakuitana pa 20 mwezi uno kuti ukayambe kuyendetsa makina onyamula katundu, ntchito ya m'manja mwako, koma iwe wakana chifukwa amayamba ndi kuyeza mkodzo. Akuti wanena kuti kuli bwino uzingosenzabe matumba pamsika kusiyana ndi kugwiranso kapu ija.

Mphwanga, pita. Werenga kalatayi mpaka pansi, ukatha uing'ambe ngati ukufuna, koma pita.

Ine andiyeza mwezi wathawu. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala kapitawo, kutumiza anthu kuchipinda chija cha kuseri kwa sikelo, koma dzina langa linali lisanatulukepo. Lachiwiri lina m'mawa, ndili mkati mokalipira madalaivala oimika malole mopingasa, mlonda anabwera kudzandiuza kuti anamwino akundifuna. Bwalo lonse linafa nalo phwete, akuti lero m'busa naye alowa m'dibi.

Ndikufotokozere mmene zimayendera, poti iwe tsiku lako lija unali ndi mantha, sukanaona zonse. Ukafika amafuna chiphaso. Amakuvulitsa jekete ndi chipewa, ndipo zonse za m'matumba umaika m'kabokosi, foni, makiyi, ngakhale chotokosera m'mano. Umasamba m'manja iwo akuona. Kapu umasankha wekha, yomata, ndipo umamatula wekha. M'chimbudzimo madzi ake anathiramo utoto, mpopi anaumanga, ndipo amakuchenjeza kuti ukatha usatsitse madzi.

Pakapupo pali mzere woti ufikepo. Ine amene ndimataya madzi kasanu dzuwa lisanafike pamutu, tsiku limenelo ngakhale dontho. Anandikhazika pabenchi n'kumandimwetsa madzi ngati mbande, pafupifupi ola lathunthu. Zikakuchitikira usachite manyazi, akuti ambiri amatero.

Ukabwera nayo kapu amayamba aona ngati ili yofunda, kuopa aja obwera ndi wa mnzawo m'sokosi. Kenako amagawa m'mabotolo awiri, kumata onse, iwe n'kusayina pa chomatira chilichonse. Mabotolo awiri, Gudumu. Sunga mawu amenewa, ndibwererako.

Koma ndadumpha chachikulu. Usanagwire n'komwe kapu, namwino amakufunsa ngati wamwa mankhwala aliwonse masiku apitawa.

Ukudziwa mmene mawu amenewa amamvekera pantchito pathu. Munthu akangoti "mankhwala" pageti paja, aliyense amamva chamba ndi zinzake zosokoneza bongo. Ndiye ine ndinamva ngati anditukwana. Ndinamuuza namwinoyo kuti ayang'ane bwino imvi zangazi, ine mankhwala sindinawagwirepo chibadwire. Anafunsanso mofatsa, akuti ngakhale a mutu kapena a chimfine. Ine n'kuti mtima utakwera kale, sindinamve n'komwe. Ndinakana kachiwiri, n'kusayina.

Chonsecho m'kabati mwanga munali botolo la mankhwala a chifuwa, ofiira otsekemera aja opatsa tulo, amene anandipatsa kuchipatala sabata yomweyo. M'mawa umenewo ndinali nditamwa masipuni awiri. Kwa ine amenewo sanali mankhwala, anali a chifuwa basi.

Kapepala kamene amaviika m'kapu kakaonetsa mizere iwiri ndiye kuti uli bwino. Ukatuluka umodzi ndiye tsoka. Wanga unatuluka umodzi, ndipo chitsiru ine ndinayamba kumwetulira, kuyesa kuti kuchepa ndiye ubwino. Nkhope ya namwino ndi imene inandiuza zoona.

Anandilanda makiyi ndi chipewa changa choyera cha ukapitawo, n'kundiuza kuti ndikadikire kunyumba. Bwalo lija ndimalidutsa tsiku ndi tsiku, koma sindinkadziwa kuti ndi lalitali chonchija. Oseka aja onse anaweramitsa mitu. Ndikutuluka pageti ndinamva wina akunong'oneza mnzake mawu anga omwe, akuti kapu sinama.

Ndikudziwa kuti mawu amenewo sunawaiwale.

Zaka zinayi zapitazo ntchito ija ndinakupezera ndine. M'mawa wa tsiku loyezedwa, tikuyenda pamsewu, ndinakuuza kuti akakufunsa za mankhwala ukane ndithu, kwathu kulibe zimenezo, usandichititse manyazi. Iwe unamvera mkulu wako. Mzere utatuluka umodzi unabwera mu ofesi mwanga ukulumbira kuti sunasutepo, wangomwa a chifuwa amene mlamu wako anakugawira. Ine ndinati kapu sinama. Pepala lokuchotsa ndinasayina usanamalize n'kulankhula komwe.

Madzulo ake ndinakawauza bambo. Mlamu wako anayesa kukuikira kumbuyo, anabweretsa ngakhale botolo lenilenilo patebulo, ine n'kumuuza kuti za kuntchito asalowerere. Bambo anakutulutsira chikwama panja. Chaka chotsatira anatisiya akukhulupirirabe zimene ndinawauza. Pamaliro pawo unaima kutali, ndipo ndinaona ndi maso angawa azakhali akufumbata kachikwama kawo iwe ukudutsa. Ndinaona, n'kuyang'ana kumbali.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambi umenewu ndakhala ndikuopsezera nawo anthu ena, osadziwa kuti ukudikira ine.

Nditakhala kunyumba masiku atatu, dokotala wa kumene amayeza kuja anandiimbira foni. Iye sanatchule mawu oti mankhwala ayi. Anafunsa ngati ndakhala ndikudwala, ndi chimene anandipatsa kuchipatala. Nditatchula a chifuwa aja anati basi, ndi amenewo. Akuti m'mankhwala ena a chifuwa muli kanthu kochepetsa ululu, kamene ndi kachibale ka zoledzeretsa zoopsa zija. Kapu imangozindikira mtundu, dzina siidziwa. Wosiyanitsa ndi labotale. Anandiuza kuti ndipite ndi botololo pamodzi ndi buku langa la kuchipatala, ndipo sabata isanathe chipewa changa anandibwezera.

Anthu ankandigwira chanza, ine maganizo ali pa iwe. Ndinabwereranso kwa dokotalayo n'kumufunsa ngati zongoyerekeza, kuti nanga munthu atamwa a chifuwa a mlamu wake, zikanatha bwanji? Anati munthuyo akanapempha pasanathe masiku atatu kuti ayeze botolo lake lachiwiri, n'kubweretsa mankhwala a mlamu wakewo. Akanamudzudzula chifukwa chomwa mankhwala a mwini, mwina kumupumitsa masiku angapo, koma osati kumuchotsa ngati wosuta. Anawonjezera kuti zonsezi zinalembedwa kuseri kwa fomu, ndipo woyenera kumuwerengera wantchitoyo ndi kapitawo wake.

Ndinabwerera ku ofesi n'kutsegula kabati ya mafayilo. Fomu yako ikadalimo. Ndinaitembenuza koyamba m'zaka zinayi, ndipo mawuwo alipo, tizilembo ting'onoting'ono. Kutsogolo kwake, pafupi ndi pamene ndinasayina, pali kabokosi konena kuti ndakufotokozera za kuseriko. Kabokosiko n'kochonga, ndipo wochonga ndine.

Akuti botolo lako lachiwiri linakhala m'firiji mwawo chaka chathunthu, likudikira munthu woti alifunse. Kenako analitaya.

Gudumu, ndinakulakwira. Sindinamizira kapu, kapena namwino, kapena kuchepa kwa tizilembo. Ndinaopa kuti anthu anena kuti kapitawo akubisa m'bale wake, ndiye ndinasankha chipewa changa m'malo mwa iwe. Manyazi amene ndili nawo ndi aakulu, ndipo ndakusowa kwambiri. Makina ako aja akuyendetsa munthu wina amene wagunda kale chitseko kawiri, ndipo akamabwerera m'mbuyo ndimatembenukabe kuyesa ndiwe.

Ndinakaonana ndi mabwana. Akuti zakale sangazibweze, madzi akatayika saoleka, koma alola kuti ndilembe kalata pa pepala la kampani yonena kuti nkhani yako sinayende m'njira yake, ndi kuti wolakwitsa ndine. Ndaiika muno mu envelopu. Ukaona kuti ikuthandiza ukaionetse, ukaona kuti ayi usunge, ndi yako.

Mlamu wako nditamuuza sananditukwane. Anangoti iye ananena, n'kupitiriza kusita. Kukanakhala bwino akanandigenda ndi simbiyo.

Lamlungu ndinapita kwa amayi. Ndinakhala pansi penipeni, osati pampando, n'kuwafotokozera zonse kuyambira pamsewu paja. Amayi anamvetsera akusisita bondo. Nditamaliza anandifunsa funso limodzi lokha. Anati iwo amva, achemwali amva, azakhali akawauza okha mawa, nanga bambo akawauza ndani?



Sindikukupempha kuti undikhululukire lero. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma fupa limeneli ndinalithyola ndine, ndipo sindingakuuze tsiku loti lilumikizike. Pempho langa ndi la pa 20 basi. Usiye kumwa chilichonse cha mwini. Utenge buku lako la kuchipatala ndi botolo lililonse limene wamwako mwezi uno. Akakufunsa za mankhwala utchule onse, a mutu, a chimfine, ngakhale mafuta opaka bondo, mpaka namwinoyo atope kulemba. Uonetsetse mabotolo awiri akumatidwa, ndipo fomu iliyonse uitembenuze usanasayine.

Tsiku lija unandimvera, n'kupsa nazo. Ndikudziwa kuti ndilibe nkhope yokupempha kuti undimverenso. Ngati mawu anga akulemera, chita ngati wauzidwa ndi munthu wongokumana naye m'basi, koma usataye ntchito yachiwiri chifukwa cha ine.

Mulungu akutsogolere ndipo akusunge pamodzi ndi banja lako. Undiperekere moni kwa mlamu, umuuze kuti mwamuna wake sananamepo. Mwanayo umupsompsone m'malo mwa agogo ake, amene akuti ukawaimbire, ndipo akuti usaope, foniyo ayankha okha, ine sindikhalapo.

Ndine mkulu wako,
amene unkamutcha Kapitawo ngakhale kunyumba.