Tonde Wopanda Diso

Tafila,
9 Malichi 2023

Okondedwa achimwene Muhannad,

Mukukumbuka tili ana, Ababa akutitengera kumapiri a ku Dana m'mamawa? Ankaima n'kuloza phompho kuti kuli mbuzi zam'thengo, ife n'kumangoona miyala. Inu munkanama kuti mwaziona, ine n'kumalira.

Ndalemba papepala chifukwa mukaimba foni Ababa amakhala pambali panga, ndipo makutu awo akadali akuthwa.

Kuno tili bwino. Ntchito yanga ndi yomwe ija yokonza zithunzi za nyama pakompyuta. Ndimatsata nyama m'mbali mwake, ubweya ndi nyanga zomwe, kuipatula ku miyala kuti ioneke yowala payokha. Ababa amati anandilipirira yunivesite kuti ndizipesa ndevu za mbuzi.

Lachiwiri la sabata yatha ndinawauza pa tiyi kuti ndikukonza chithunzi cha tonde wamkulu wa ku Dana. Masana ndinasokoneza: m'malo mobisa miyala, ndinabisa tondeyo, pamalo pake n'kutsala chigamba chotuwa. Ndisanakonze, Ababa analowa, n'kuwerama paphewa panga. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Koma ndiye tonde, mwana wanga," anatero. "Taona diso lakelo, ngati la amalume ako akaona nyama m'mbale."

Achimwene, panalibe diso. Panalibe ngakhale ubweya umodzi. Ndinaseka nawo, iwo n'kupitiriza kuyamikira mizere ya panyanga, kenako n'kutuluka akugwira khoma.

Mwina ndikukulitsa nkhani, mukundidziwa. Koma kuyambira tsikulo ndaona zambiri. Tiyi amathira atagwiriza chala pamlomo wa kapu. Anthu amawapatsa moni akayamba amva mawu. Ndinafunsa mnzanga Suhair, amene ndi dokotala wa maso. Akuganiza kuti ndi ng'ala, ndipo akuti imachotseka bwinobwino ngati munthu sachedwa. Nditangotchula za chipatala, Ababa anati maso amene ankaona mbuzi patsidya la chigwa sangapimidwe ndi mtsikana amene anamuona akukwawa. Galimoto akuyendetsabe, mpaka kumunda wa maolivi, msewu wokhotakhota uja.

Sindinawauze za chithunzicho. Ndinayesa, mawu anakana. Dzulo ndinadetsa miyala yonse bii, tondeyo ndinamuwalitsa n'kumukulitsa mpaka kudzaza galasi lonse la kompyuta. Nditawaitana Ababa, anagwira galasi ndi chala, pa nyanga penipeni.

"Uyu ndi wina, eti? Uyu ndiye wabwino."

Chonde bwerani pa Idi, musadikire tchuthi cha chilimwe. Ine amandikonda, koma amene amamumvera ndi inu. Musadzawafunse ngati akuona. Mudzangonena kuti maso anu akukuvutani ndipo mukufuna akuperekezeni kuchipatala cha maso ku Amman. Kuperekeza mwana sangakane. Makiyi a galimoto ndiyesa kuwasoweza mpaka mudzafike, Mulungu andikhululukire.

Moni kwa alamu anga a Lubna ndi ana. Ababa akuti mudzabwere ndi zipatso za tende za kwanuko ku Dammam, osati zouma ngati za chaka chatha. Ali pakhomo pano, akundifulumizitsa chifukwa lole ya a Abu Nidal, amene akubweretsereni kalatayi, yatsala pang'ono kunyamuka. Asuzumira papepalali n'kunena kuti ndimalemba mokongola ngati malemu Amayi.

Ndikupinda tsopano ndiwapatse iwo eni akapereke. Envelopu sindimata.

Ndine mlongo wanu,
Ghadeer