Tsiku Limene Ndinafunditsa Tadala Chitenje

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine kuno ku Glasgow sindili bwino, ndipo ndinene mosapsatira: mlandu wake ndi wanu. Mwambo umene munandipatsa wandilanda mdzukulu.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Achimwene a Yohane akuti chimanga chaka chino chapserera, mvula inadula chikungomasula kumene ngaiyaye. Mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yanu unagwa ndi mphepo. Ine ndikukhalabe ku Easterhouse ndi Esinati, mwana wanga uja munkamutcha Kamlomo, amene tsopano ndi namwino. Ndinayesa kudzala maungu m'chitini pawindo kuti ndizitcholako nkhwani, anangotulutsa masamba awiri n'kufota. Maondo nawo akukana masitepe. Zilembo zokhotakhotazi musaseke. Kusukulu simunanditumize, ndinazitola ndekha m'buku la nyimbo.

Tsono nkhani ndi ya Tadala, mwana wa Esinati, amene anabadwa inu mutamwalira kale. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mumzinda muno munachitika masewera aakulu a mayiko ambirimbiri, ndipo anzathu a kutchalitchi anatipezera matiketi a mpikisano wosambira. Amayi inu, dziwe lili m'nyumba! Madzi oyera mbee mpaka pansi kuoneka, atawagawa ndi zingwe ngati mizere ya m'munda. Anthu kusambira osati pothawa ng'ona kapena powoloka mtsinje, ayi, kungolimbirana kukhudza khoma. Atatulukira mtsikana wina wakwathu, ndinaimirira n'kuimba nthungululu mpaka azungu kucheuka. Sanapambane, koma Tadala mtima wake unatsalira m'madzi momwemo. Anati tsiku lina adzasambirira Malawi.

Anayambadi. Zaka zisanu ndinkamuperekeza ndine pabasi, m'mawa kukuzizira, amake ali kuntchito. Iye m'madzi, ine pabenchi, thaulo lili pamiyendo. Mamendulo anadzaza khoma la pabalaza. Ndinkanyadira, ndisaname. Anali mwana, ndipo mwana alibe chobisa.

Kenaka anatha msinkhu. Ndinamuitanira kuchipinda n'kumulangiza monga munandilangizira ine, kuti ntchafu ya mkazi ndi nkhokwe, satsekulira wodutsa m'njira. Anangogwedeza mutu. Mwezi womwewo kunali mpikisano woti akapambana amutenga m'gulu la akatswiri. Ndinakhala pamwamba pamodzi ndi makolo ena. Nditamuona ataima m'mphepete mwa dziwe ndi kachovala kothina kaja, azibambo ali yang'anitsitseni, ena akujambula ndi mafoni, mawu anu anandilira m'khutu. Ndinatsika, ndinamukankha munthu wa pakhomo, ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kumukulunga nacho m'chiuno, kumanga ndithu mfundo. Anzake anakwera potumphira paja, belu linalira, onse m'madzi phava! Iye ali pamtunda, akulimbana ndi mfundo. Paja mukuidziwa mfundo yanga.

Pabasi sanalire. M'madzi sanabwereremonso, ngakhale kamodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndikamulankhula Chichewa ankandiyankha Chizungu chakuno chothamanga chija, kenaka anasiyiratu kuyankha. Atangoyamba ntchito anasamukira ku Partick, dera lina la mumzinda momwe muno.

Mwezi wathawu wabereka mwana wamkazi. Ndamuona pafoni ya Esinati pokha. Mchombo wagwa ine kulibe, omusambitsa ndi anthu ena, ine manja ali lende. Esinati akuti Tadala wanenetsa kuti ndipite ndikapepese, apo ayi mwanayo sindidzamugwira. Ine? Kupepesa munthu amene ndinamuchapira matewera? Paja munkati wamkulu salakwa, amangofulumira. Abusa anabwera kudzandinyengerera, ndinawapatsa tiyi n'kuwaonetsa khomo.

Koma kwa inu sindibisa. Kawiri konse ndakwera sitima mpaka ku Partick, n'kukaima tsidya la msewu kuyang'ana windo lawo, n'kubwerera. Ndikapepesa ndiye kuti ndavomera kuti mayi anga anandinamiza, ndipo zimenezo pakamwa pangapa sizituluka. Nthawi nayo sikundidikira. Adokotala akuti mtima wanga watopa. Sindinawafunse zambiri, ndinaona momwe Esinati anaweramira.

Ndiye inu Anaphiri, mayi anga, dzukani. Pitani ku Partick, nyumba ya pamwamba pa sitolo ya buledi, mukamufikire Tadala kutulo, mukamuuze abweretse mwanayo kwa agogo ake. Ndikudziwa, nkhope yanu saidziwa, Chizungu simuchitha, ndipo Chichewa iye anachitsekera makutu. Pitanibe. Mawu akakanika, mukangomugwira dzanja n'kumulozera njira ya kuno.

Akabwera, ndikulonjeza, za dziwe sindidzatchula, ndidzangolandira mwanayo ndi manja awiri. Akapanda kubwera, ndibwera ndine kwanuko posachedwapa, ndipo muyaliretu mphasa, nkhaniyi tidzaikamba maso ndi maso.

Ndine mwana wanu amene amakukondanibe ngakhale mwamupweteka,
Elube