Mtengo wa mango sindidula

Loweruka madzulo, Soche. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima sunatsikebe.

M'mawa ndakwanitsa kujambula kadzidzi wamng'ono uja wobisala mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa njira. Kutalika kwake sikuposa chikhatho changa, ndi wamawangamawanga, wamaso achikasu. Chithunzi chatuluka bwino moti nthenga iliyonse ikuoneka payokha.

Masana kunabwera a Phiri, oyandikana nafe, nkhwangwa ili m'manja. Mayi awo agonekedwa kuchipatala. Anati, "Aphunzitsi, chimbalame chanuchi chikungolira moyang'ana kwathu. Mukufuna kugwe maliro kuti mujambulenso?" Ndinawayankha modekha kuti mayiwo anayamba kudwala shuga kalekale, mbalameyi isanabwere, ndiponso kuti chimene imafuna kwawoko ndi ziwala ndi mbewa basi. Iwo anati sanabwerere sayansi, abwerera mtengo.

Chisoni ndawamvera, ndipo mawa ndikazonda mayiwo. Koma mtengo uli papuloti panga. Mkazi wanga akuti kumsika ayamba kale kunong'ona kuti kadzidziyu ndikuweta ndine. Anene. Ndikadula chifukwa cha mantha, ndiye kuti ndavomereza mlandu umene mbalameyi sinapalamule, ndipo mayiwo akachira anthu adzatamanda nkhwangwa, osati dokotala.

Mawa ndikhala pansi pa mtengowo ndi kamera, poonekera, kuti aliyense wopita kutchalitchi andione. Za zimenezo sindikukayika.

Chokhacho, mayiwo akapanda kuchira, sindikudziwa kuti pamaliropo ndikakhala pati...