Nsalu Yopanda Nkhope

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Leicester tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa. Mdzukulu wanu Takondwa wayamba sukulu. Ndikamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, koma mawu oti agogo sanawaiwale. Kwathu ku Dedza kachewere wachita bwino, ndipo mkazi wa mlongo wanga Yohane wachira, mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu. Akuti salola kuuzidwa nthawi yogona, ndiye tikudziwa kumene watengera.

Nkhani imene yandisowetsa mtendere ndi ya chiliza chanu. Tidzachimanga mu Seputembala, ndipo achemwali a Esinati anandipatsa ntchito yokonza nsalu imene abale ndi amayi a kutchalitchi adzavale tsikulo. Ntchito imeneyo yatidanitsa. Foni yanga anasiya kuyankha.

Mukukumbuka mutabwera kudzandithandiza kulera Takondwa ali wakhanda, tsiku lija mvula inatithamangitsira m'nyumba yoonetseramo zithunzi m'tauni? Munali zithunzi zodinda za amisiri a ku Amereka, za zaka zotsatira nkhondo yachiwiri ija. Munalibe munthu, nyumba kapena mtengo. Mzere wakuda apa, kachigamba kofiira apo, kwina konseko pepala loyera mbee. Munaseka mpaka mlonda anacheuka. Munati, "Ameneyu utoto unamuthera, kapena anamuitana kumaliro?" Koma pa china chachikasu munaima nthawi yaitali, mwana ali kumbuyo, n'kunena kuti, "Uyu yekha dzanja lake silinanjenjemere, ndipo anadziwa polekezera. Anthu ambiri sadziwa."

Mutamwalira, ndege inandifikitsa mutaikidwa kale. Nditabwerera kuno ndinayamba kupita Loweruka lililonse lopanda ntchito kumalo ophunzitsa kudinda ku Highfields. Timayala nsalu yopyapyala ngati sefa pamwamba pa pepala, kuthira utoto, n'kukoka ndi mphira kamodzi kokha. Ukakayika pakati, pepala limakuulula. Ine nesi wa manja ozolowera jakisoni ndinaononga mapepala osawerengeka.

Ndiye pa nsalu yanu ndinakoka mzere umodzi wachikasu, mtundu wa mpango wanu uja, wokhota monga linkachitira dzanja lanu mukamawaza madzi pabwalo musanasese. Pansi ndinaika dzina lanu, tizilembo ting'onoting'ono. Pakati ndinasiya poyera. Ndinajambula pafoni n'kuwatumizira achemwali, ndikudzimva kuti ndachita zakupsa.

Anaimba nthawi yomweyo. Anati, "Nkhope ili kuti? Vesi lili kuti? Anthu adzati tikuchita nawo manyazi amayi athu. Ife tinawasambitsa, iwe kunalibe, lero ukufuna utiveke chinsalu chosamalizidwa?" Mtima unandiwawa, pakamwa panathamanga. Ndinawauza kuti luso salidziwa, ndinawalalikira za ku Amereka ngati ndinabadwira konko. Mukanakhalapo mukanandigenda ndi chipande. Anadula foni, ndipo mawu amenewo ndimalakalaka ndikanawameza. Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola, koma simunatiuze kuti fupalo limathyoka.

Sabata yatha ndinagonja. Ndinatulutsa chithunzi cha papasipoti yanu, chija munkati mukuoneka ngati akugwirani mukuba nkhuku, kuti ndichiike pakati pa nsaluyo. Nditachiyang'ana ndinachita kukhala pansi, Amayi. Kachipsera ka pachibwano kaja ndinali nditakaiwala. Ndinaiwalanso kuti diso lanu lakumanzere linali locheperako. Apo m'pamene ndinazindikira kuti malo aja sindinawasiye poyera chifukwa cha luso. Ndikatsinzina, dzanja lanu limabwera, mpango umabwera, mawu amabwera, koma nkhope yanu sibwera. Amisiri a ku Amereka aja ankasiya poyera mwadala, ali nacho choti akanaikapo. Ine ndinalibe. Zimenezi zikundipweteka kuposa mawu a achemwali, ndipo ndikuganiza kuti iwo anazionera patali.

Ndadinda kachidutswa kena kokhala ndi nkhope ndi vesi, ndakajambula n'kuwatumizira achemwali. Foni ikuonetsa kuti aona, koma ali chete. Kaya adzandilola kukhala nawo mphasa imodzi tsikulo, sindikudziwa.

Chimene ndikulonjeza n'chakuti ndibwera, ayankhe asayankhe, ndipo ndidzavala nsalu imene iwo asankhe. Anthu akadzabalalika ndidzasendera pafupi ndi achemwali, ndidzapepesa, kenaka ndidzawapempha andiuze mmene nkhope yanu inkaonekera pamene ankakutsekani maso, chifukwa pa ana anu tonse ndi iwo okha amene anatsala nayo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eliza